Makope a shehe: buku la Chisilamu tingalisindikize bwanji tili ku Mzuzu kuno?

Lachisanu lina titamaliza swala ya Ijumaa, anthu ali pikitipikiti kufuna nsapato zawo pakhomo la mzikiti, a shehe athu ena okalamba anandikodola. M'jumbo lomwe ananyamula munali makope atatu a sukulu, omangidwa ndi mphira wa tchubu cha njinga. "Mwanangu," anatero, "maso akutha awa. Zimene ndinamva kwa aphunzitsi anga zili umu. Uone chochita ndisanapite nazo kumanda."

Nditafika kunyumba ndinamasula mphira uja. Munali mayina a mashehe, wakuti anaphunzira kwa wakuti, kuyambira ku Nkhotakota, kutsata gombe la nyanja mpaka kukwera phiri kufika kuno. Munalinso madua, ma aya a Qur'an olembedwa pamanja m'Chiarabu, ndi ndemanga zawo m'Chichewa chosakanikirana ndi Chiyao. M'masamba ena inki inali itayamba kale kufufutika ndi chinyezi chathu cha ku Mzuzuchi. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyenda, kufunsa ndi kuyesa, ndipo zomwe ndapeza ndikufuna ndigawane ndi abale ndi alongo ena omwe ali ndi makope otere m'sutikesi.

Funso loyamba si la ndalama ayi. Ndi lakuti buku lanu adzaliwerenga ndani, ndipo ali kuti. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa anthu 100 alionse m'Malawi, koma ambiri mwa iwo ali ku Mangochi, Machinga, Balaka, Zomba, Salima ndi Nkhotakota. Kuno ku Mzuzu mumsewu mumamveka Chitumbuka, pomwe mumzikiti timasakaniza Chichewa, Chiyao ndi Chiswahili. Ndiye wolemba wa ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa adziwiretu kuti owerenga ake ochuluka ali kutali ndi kwawo, ndipo njira iliyonse aiyeze ndi muyezo umenewu: kodi idzafikitsa buku kunyanja ndi kum'mawa? Komanso mabuku a Chisilamu si amtundu umodzi. La mbiri, lofotokoza ma aya ndi ma hadith, ndi lophunzitsa malamulo a swala kapena swaumu (kusala kudya), lililonse lili ndi khomo lomwe limaliyenera.

Khomo la ku yunivesite

Anthu ambiri a mumzinda uno sadziwa kuti ku Mzuzu kuli osindikiza mabuku odziwika mpaka kunja. Mzuni Press inaphukira ku dipatimenti ya maphunziro a zipembedzo pa Yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga, ndipo palinso Luviri Press. Mkulu wawo ndi Kachere Series ya ku Zomba, ndipo monsemu mwadutsa dzanja la Pulofesa Klaus Fiedler. Ena amati amenewa ndi a mabuku a Chikhristu okhaokha. Zoona, ochuluka ndi a mbiri ya mipingo, koma buku limodzi lomwe aliyense wofufuza za ife amalitchula, Malawi's Muslims: Historical Perspectives, lomwe anasonkhanitsa David Bone, linatuluka m'gulu la mabuku a Kachere m'chaka cha 2000.

Ubwino wa khomo ili ndi wakuti buku limakhalitsa. Limakhala ndi mkonzi, limakhala ndi nambala ya ISBN yomwe imalizindikiritsa padziko lonse, ndipo kudzera ku African Books Collective ya ku Oxford limafika m'malaibulale a mayiko akutali. Mdzukulu wanu akadzapita kukachita digiri adzalipeza. Wolemba sasenzanso yekha mtolo wonse wa ntchito.

Koma mudziwiretu mafunso amene mukakumane nawo. Akakufunsani kuti mwazitenga kuti zimenezi, anakuuzani ndani, chaka chanji, pali winanso amene akuvomereza? Mnzanga wina anakhumudwa nazo, nkumati akukayikira mawu a akuluakulu. Ine ndinamuuza kuti Msilamu ndiye sayenera kudabwa ndi mafunso otere. Imam al-Bukhari, yemwe anamwalira m'chaka cha 870, sankalandira hadith popanda isnad, mndandanda wa anthu omwe anapatsirana mawuwo kuchokera kwa Mtumiki, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye. Kufunsa gwero la nkhani ndi mwambo wathu womwe. Ndipo makope a shehe aja, ndi mayina awo a wakuti anaphunzira kwa wakuti, ndi isnad ndithu.

Chachiwiri, osindikiza a ku yunivesite amafuna mbiri, osati ulaliki. Sangakusindikizireni buku loitanira anthu ku Chisilamu, ndipo sangakuloleni kulumpha malo owawa. Simungalembe za Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba wa ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, kapena za Mlozi yemwe anapachikidwa ku Karonga mu 1895, nkusiya nkhani ya malonda a akapolo. Ine ndimaona kuti ndi bwino tizilembe tokha zimenezi, mwachilungamo. Mbiri ya chigawo cha kumpoto inalembedwa kwambiri ndi inki ya amishoni, pakuti ku Livingstonia kunali sukulu ndi makina osindikizira kalekale, pamene yathu inatsala m'mitu ya anthu. Mayina a aphunzitsi akale a Chisilamu ngati Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, kapena mayi Mtumwa binti Ali yemwe anazika twarika (njira ya mapemphero ndi zikiri) ya Qadiriya ku Nkhotakota, ana athu ambiri sanawamvepo.

Vuto lenileni la khomo ili ndi chilankhulo ndi mtengo. Mabuku awo ambiri ndi a Chingerezi, amatenga nthawi kuti atuluke, ndipo mwalimu wa madrasa ku Namwera sangaone buku lotere, kaya kuligula. Ndalama za wolemba nazo musaziwerengere.

Khomo la mabungwe a Chisilamu

Pali Muslim Association of Malawi, pali Qadiriya Muslim Association of Malawi, pali Direct Aid yomwe akuluakulu amaidziwa ndi dzina lakale la Africa Muslims Agency, ndipo chiyambi chake chinali ntchito ya Dokotala Abdul Rahman Al-Sumait wa ku Kuwait m'Malawi momwe muno mu 1981. Mabungwe otere ali ndi chinthu chomwe wosindikiza wina aliyense alibe: njira yofika m'mizikiti ndi m'madrasa, ndi mashehe ophunzira omwe angawerenge zolemba zanu zisanatuluke. Nthawi zina pamapezekanso munthu wopereka sadaka kuti buku ligawidwe ulere, poyembekezera malipiro aja otchulidwa mu Sahih Muslim, akuti munthu akafa ntchito zake zimaduka kupatula zitatu, ndipo chimodzi mwa izo ndi maphunziro omwe anthu akupindula nawo.

Kwa buku lophunzitsa ana kusamba wudhu, kuswali, kapena lomasulira ma hadith 40 a Imam al-Nawawi, ine ndingayambire kuno. Koma bungwe lililonse lili ndi mbali yake. Tonse tikudziwa kusiyana maganizo komwe kwakhalapo zaka zambiri pakati pa ochita zikiri pamaliro ndi a sukuti, omwe amati pamaliro pazikhala chete. Buku lonena za mashehe a twarika wina adzalilandira ndi manja awiri, wina adzapempha kuti muchotse mutu wathunthu. Zikatero mudzifunse ngati lotsalalo likadali buku lanu. Ndaonanso kuti kawirikawiri ndalama zimapezeka msanga zomasulira mabuku ochokera kunja kusiyana ndi zosindikiza zomwe walemba Mmalawi, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima.

Mukagwirizana ndi bungwe, lembani pepala. Umwini wa buku ndi wa ndani, asindikiza angati, angasinthe mawu popanda inu kapena ayi, mungadzalisindikizenso kwina? Musachite manyazi poti ndi abale m'chipembedzo. Aya yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Sura al-Baqara, ndi yolamula kulemba pangano la ngongole.

Kudzisindikizira wekha

Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa ndi njira yomwe ambiri timathamangira, ndiponso ndi pomwe ndinapsa chala.

Pali magawo awiri. Loyamba ndi masitolo a fotokope ndi makina a kompyuta omwe ali mbwee mumzinda muno. Amenewa amakupangirani mabuku 30 kapena 100, lero lomwe kapena mawa, ndipo mukapeza cholakwika mumakonza musanapangitse ena. Buku limodzi limakwera mtengo, koma simutaya ndalama zambiri nthawi imodzi. Lachiwiri ndi makina akuluakulu ogwiritsa mapuleti, omwe ambiri ali ku Lilongwe ndi Blantyre. Kumeneko ndalama yaikulu imapita pokonza mapuleti, kotero mabuku 200 amadula zedi pamene 2,000 amatsika mtengo pa buku lililonse. Musanasangalale ndi kutsikako, ganizani komwe mukaike makatoni onsewo ndi amene akagule. Onjezaninso ulendo wa makilomita oposa 350 pa msewu wa M1 kukaona ntchito ku Lilongwe. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo inalumpha. Akakuuzani mtengo, funsani kuti ukhala masiku angati usanasinthe.

Masamba a buku amapindidwa kuchokera ku pepala lalikulu, choncho chiwerengero chake chizigawika ndi 4, ndipo kwa makina akuluakulu ndi bwino chizigawika ndi 16. Kabuku kochepa, ka masamba 32 kapena 48, kamamangidwa ndi mawaya pakati. Lalikulu limafuna guluu pamsana. Kuno kwathu mawaya amachita dzimbiri msanga ndipo mapepala amachita chuku, ndiye makatoni musawagoneke pasimenti kapena kuwatsamiritsa kukhoma. Ayikeni pa matabwa.

Tsopano nkhani ya Chiarabu. Nditalemba mutu woyamba wa makope aja pa kompyuta, ndinapita nawo pa sitolo ina kuti andipangire kabuku koyesera. Mnyamata wa pamenepo, waulemu ndithu, anatsegula fayilo yanga m'pulogalamu yake, nkukonza masamba, nkusindikiza. Chikuto chinakongola, chobiriwira bwino. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zilembo za Chiarabu zonse zinali zitamwazikana, chilichonse payekha, ndipo zinkayambira kumanzere kupita kumanja. Bismillah sinkawerengeka. Mnyamatayo sanaone vuto lililonse, ndipo sindingamudzudzule, poti Chiarabu sanachiphunzire. Pulogalamu yomwe sinakonzedwere zilembo zoyenda kuchokera kumanja imazidula chomwecho.

Chomwe ndinaphunzira ndi ichi: osapereka fayilo ya Word kwa wosindikiza. Konzani masamba onse nokha kapena ndi munthu wodziwa Chiarabu, musandutse PDF yomwe zilembo zake zamatiriramo, ndipo wosindikiza asagwiremo kanthu. Zilembo zabwino zaulere zilipo, monga Amiri, komanso za Uthmani zomwe amapereka a King Fahd Complex ku Madina. Ma aya musawatayipe pamtima. Atengeni ku gwero lodalirika la kawerengedwe ka Hafs, komwe ndi komwe timagwiritsa ntchito kuno, kenako muwafananize ndi msahafu, buku lenileni la Qur'an m'Chiarabu.

Wina angati ndikukokomeza. Taonani aya ya 28 m'Sura Fatir, yomwe imati amene amamuopa Allah mwa akapolo ake ndi anthu odziwa. M'Chiarabu dzina la Allah pamenepo limathera ndi fat-ha, ndipo liwu la ulamaa limathera ndi dhamma. Tizizindikiro tiwiri timeneti tikasinthana malo, tanthauzo limatembenuka, nkukhala ngati Allah ndiye akuopa anthu. Zilembo za ba, ta ndi tha zimasiyana ndi timadontho tokha, ndipo makina otha inki amadya timadontho. Nchifukwa chake pepala loyesera liyenera kuwerengedwa ndi anthu awiri, wina akuwerenga mokweza kuchokera mu msahafu, wina akutsata ndi chala pa pepala. Mutu umodzi susenza denga. Ma hadith nawo mutchule buku lomwe achokera ndi mutu wake, osati nambala yokha, chifukwa manambala amasiyana malinga ndi kasindikizidwe.

Tsiku lomwelo ndinaona chinanso. Masamba olakwika aja mnyamata anawakwinya nkuponya m'katoni ya zinyalala pansi pa tebulo. Mapepala a m'makatoni otere tonse tikudziwa komwe amathera: kukulunga mandasi ndi usipa pamsika. Ndinagwada nkuwatola limodzilimodzi. Kuyambira pamenepo ndimagwirizana ndi wosindikiza ntchito isanayambe kuti pepala lililonse lowonongeka lokhala ndi aya andibwezere, ndikaliotche pamalo oyera. Khalifa Uthman naye anaotcha zolemba zotsala atamaliza kusonkhanitsa msahafu umodzi. Wosindikiza ngakhale si Msilamu, mukamufotokozera mwaulemu amamva.

Kalembedwe ka Chichewa nakonso kamafuna chisankho. Mulemba Qur'an kapena Kurani? Swala kapena swalah? Shehe kapena sheikh? Allah kapena Mulungu? Palibe amene anatikhazikitsira lamulo limodzi, koma m'buku limodzi musankhe kamodzi ndi kusunga mpaka tsamba lomaliza. Ine ndinalemba mawu onsewa papepala nkulimata kukhoma pamwamba pa kompyuta.

Ndiye kugulitsa. Walira mvula walira matope: wodzisindikizira ndiye wonyamulanso chikwama. Malo ake ndi pakhomo la mzikiti Lachisanu, mwezi wa Ramadhan, masiku a Eid ndi pamisonkhano ya dawa, yolalikira Chisilamu. Kutumiza katoni pa basi kwa mwalimu wodalirika ku Nkhotakota kapena Mangochi, iye nkumatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, zimatheka. Chomwe chimapha ntchito ndi ngongole za abale, aja amati "ndipatseni limodzi, ndidzakuonani". Patulani mabuku a sadaka padera, owerengeka, ndipo otsalawo akhale ogulitsa basi. Ufulu wa njira imeneyi ndi waukulu, palibe wokuchotserani mutu, koma palibenso wokuletsani kulakwa. Buku lofotokoza Qur'an kapena lopereka chigamulo cha sharia lisatuluke njira iyi lisanawerengedwe ndi mashehe osachepera awiri, ndipo mmodzi akhale wosakuopani.

Za kunja, mwachidule

Kuli osindikiza mabuku monga Darussalam ku Riyadh, Kube Publishing ku Markfield, Islamic Texts Society ku Cambridge yomwe imamasulira mabuku akale monga a Imam al-Ghazali, ndi Brill ku Leiden ya mabuku a akatswiri. Onsewa amagwira ntchito m'Chingerezi, m'Chiarabu ndi zilankhulo zina zazikulu, ndipo mitengo ya Brill ndi ya malaibulale, osati ya thumba la munthu. Amene wamaliza kafukufuku wa digiri yapamwamba ayesere. Kwa buku la Chichewa, khomo ili ndi lotseka. Kuika buku pa Amazon kumathandiza abale omwe ali ku Johannesburg kapena Leicester, koma mayi wa ku Zolozolo sangaliitanitse.

Pa msahafu weniweni ndiye ndinene mosabisa: musayese kuusindikiza nokha. King Fahd Complex yakhala ikuchita ntchito imeneyo kuyambira 1984, ndi magulu a mahafizi, oloweza Qur'an yonse pamtima, oyang'ana tsamba lililonse. Matanthauzo a Qur'an m'Chichewa ndi m'Chiyao alipo kale. Chomwe chikusowa ndi mabuku ofotokoza, olembedwa ndi munthu wodziwa moyo wa kuno.

Foni

PDF ya pa WhatsApp imafika ku Makanjira tsiku lomwelo popanda kulipira basi. Imeneyi ndi mphamvu yomwe makolo athu analibe. Koma tsamba la A4 pafoni limatopetsa maso, ndiye konzani masamba ang'onoang'ono a zilembo zazikulu, fayilo ikhale yopepuka kuti isadye bandulo. Dziwaninso kuti chomwe chatuluka sichibwerera. Mukapeza aya yolakwika mawa, fayilo yakale idzapitirira kuyenda m'magulu zaka ndi zaka, nthawi zina dzina lanu litachotsedwa. Lembani dzina, chaka ndi nambala ya kasindikizidwe m'munsi mwa tsamba lililonse. Ine ndimaona foni ngati mthenga wa buku, osati nyumba yake. Mutu umodzi uyende ulere kuti anthu alawe.

Musaiwale makutu. Agogo ambiri omwe nkhanizi ndi zawo sawerenga, koma amamvera Radio Islam ndi mauthenga a mawu pafoni. Ndinayamba kujambula mawu a shehe akufotokoza zomwe analemba, ndipo m'kufotokozamo munatuluka zambiri zomwe m'makope mulibe.

Njira iliyonse yomwe mungatsate, pali ulendo umodzi wa ku Zomba wosathawika. Nambala ya ISBN m'dziko muno imaperekedwa ku National Archives, ndipo lamulo limafuna kuti buku losindikizidwa m'Malawi lisiyidweko kuti lisungidwe. Ambiri odzisindikizira amalumpha zimenezi, mapeto ake buku limatha ngati silinakhaleko. Za umwini wa zolemba kafunseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za alembi ndi oimba. Ndipo musasunge malo amodzi. Ife a ku Mzuzu tikukumbukira Disembala 2015, pamene laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu inapsa ndi mabuku zikwizikwi usiku umodzi. Siyani buku ku National Library Service, lina ku yunivesite, lina ku madrasa, ndipo makope oyambirirawo muwajambule tsamba ndi tsamba.

Ife tinachita chonchi. Titaona kuti palibe khomo limodzi lomwe lingapereke zonse ziwiri, kufika kwa anthu ndi kukhalitsa, makope aja tinawagawa pawiri. Madua ndi ziphunzitso tikupanga kabuku ka Chichewa ka masamba 48, kodzisindikizira, koyamba ndi mabuku 100 okha, mashehe awiri atawerenga. Mbiri ya aphunzitsi ndi mizikiti ya m'mbali mwa nyanja tikuilemba pang'onopang'ono, tikufunsa okalamba ena kuti tipeze mboni yachiwiri pa dzina lililonse, ndipo ikakhwima tidzagogoda nayo ku Luwinga. Imeneyo ingatenge zaka, ndipo ndinawauza a shehe mosabisa kuti mwina sadzaiona.

Sabata yatha ndinawapititsira masamba oyesera a kabuku kaja, osindikizidwa ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa cha maso awo. Tinakhala pakhonde, kunja kukuwaza kamvula kathu kosatha kaja. Anawerenga pang'onopang'ono, pepala lili pafupi ndi mphuno, chala chikuyenda kuchokera kumanja. Atafika pa tsamba 11 anaima. "Apa walemba kuti dua iyi ndinaphunzira kwa bambo anga," anatero. "Ayi. Anali amalume, achimwene awo a mayi. Bambo anga sankadziwa kuwerenga. Konza, mwanangu, usawalande amalume chawo." Ndinatulutsa cholembera nkukonza pomwepo, ndipo tinapitiriza tsamba 12.